Kachirombo ka M'kompyuta ya Achimwene

"Ndiye mukuti yangodzifera yokha? Chinthu cha magetsi n'kudzifera chokha ngati nkhuku ya chitopa?"

Amenewo anali alamu anga a Hellen, atagwira m'chiuno pakhomo la shopu, mawu atawakweza dala kuti a kabaza a tsidya la msewu amve bwino. Amuna awo, achimwene anga a Ezekiele, anali atagwada pansi pa tebulo, akuzula mawaya n'kumabwezeramo, thukuta lili kamukamu.

"Alamu, ine ndanena kale," ndinatero. "Sinayambe lero. Ukaiyatsa imalira kuti khe, khe, khe, m'kati mwa bokosimo, kenako mausi n'kuuma gwa. Ndinawauza achimwene mwezi watha kuti chinthuchi sichili bwino, iwo anangoti bola ikuyaka."

"Usanditchule ine, Fagness," anatero achimwene ali pansi pomwepo. "Ine ndimaswera kudimba. Wokhala pampandowo ndiwe."

"Mwamvatu?" alamu analandira. "Wokhala pampando ndinu. Zala zake ndi zanuzo."

Shopu imeneyi ili pa Golomoti, m'mphepete mwa msewu wa tala, ndipo nyumba zathu zili kuseri kwake. Ntchito yake ndi yobena nyimbo. Munthu amabwera ndi memori kapena flashi, ine n'kumuikiramo za kwaya, za dansi, mafilimu omasulira m'Chichewa aja. Kompyuta ndi imodzi yomweyo, ya bokosi lakuda, ndipo ndi imene imadyetsa mabanja awiri. Achimwene anandikhazika pamenepo nditabwerera kwathu, bambo ake a mwana wanga Tamanda atamwalira. Alamu ankafuna pakhale mchimwene wawo Laisoni. Nkhani yeniyeni ndi imeneyo, zinazi ndi zokometsera chabe.

Tsiku limenelo sikirini inangoti buluu, timalemba toyera ta Chingerezi mbwee, kenako n'kuzima, n'kudziyatsa yokha, n'kuzimanso. Achimwene atatopa ndi mawaya anakaitana a Gidiyoni, okonza mafoni a pamsika, amene amayenda ndi maflashi m'khosi ngati zithumwa. Anakhala pampando wanga, anadinadina, anapukusa mutu.

"Bwana, apa palibe kubisa. Yalowa kachirombo."

"Kachirombo?"

"Vayirasi. Kachirombo ka makompyuta. Kamabwera ndi mamemori a anthuwa. Kakalowa kamadya m'kati pang'onopang'ono, kunja chinthu chikuoneka bwinobwino."

Alamu anaphulika chikhakhali mpaka kugwira chitseko.

"Kachirombo! Mayo ine nthiti zanga! Nanga tikudabwa chiyani? Inu a Gidiyoni, simukuona woigwira wake? Anthu ena chilichonse chimene angakhudze chimatenga."

A Gidiyoni anandiyang'ana, kenako anayang'ana pansi. Anamva. Pabenchi panja panali makasitomala akudikira, nawonso anamva.

Za ine ndekha sindidandaula. Ndimamwa mankhwala otalikitsa moyo, ndili bwinobwino, ndimalima mpunga kuposa amuna ena a pano. Nkhawa yanga inali Tamanda. Mwanayo anali Sitandade 8, ndipo kachiromboko anabadwa nako. M'mawa uliwonse ankamwa piritsi lake akuganiza kuti ndi la chifuwa chimene chinamuzunza ali wamng'ono. Ake ndinkamuthirira m'kabotolo kopanda malemba, anga ndinkabisa m'sutikesi. Ine ndi anamwino a kuchipatala cha Mua tinali titapangana kuti akangolemba mayeso tikhale naye pansi, timuuze mwadongosolo, mutu wake usabalalike. Mayesowo anali pafupi. Chimene ndinkapempha kwa Mulungu chinali chimodzi: mwanayo amve kuchokera kwa ine mayi wake, osati pamsewu.

Madzulo ndinawapeza alamu kuseri akupeta mpunga. Tamanda anali atapita kumjigo.

"Alamu, zija mwanena masana zija mwandilasa nazo."

"Iii, amake Tamanda, mwayamba liti kukwiya ndi macheza? Si pachilamu apa? Ndikapanda kuseka mlamu wanga ndikaseka ndani, apongozi?"

"Pachilamu timasekana za mphuno, za ndiwo zopserera. Za matenda sitisekana."

"Ndatchula dzina la munthu ine? Ndati anthu ena. Amene zamukhudza ndiye kuti akudzidziwa."

"Ine ndinyozeni mpaka mutope, ndazolowera. Koma za mwana uja mukuzidziwa. Mawu akachoka pano akafika kusukulu. Chonde alamu, ndakugwirani mwendo. Paja amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata."

"Mlomo wanga uli pamalo pake. Pitani mukalalikire kompyuta."

Achimwene anali pomwepo, akutsuka mapazi pamwala. Ndinawatembenukira.

"Achimwene, lankhulani nawoni akazi anu."

"Fagness, ine mutu wanga uli pa kompyuta. Za azimayi musandilowetsemo. Alamu akowa ndi anthabwala, suja ukuwadziwa? Ine ndinazolowera. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima."

"Wokwata kwa mphenzi ndinu, koma ikugwera ine ndi mwana wanga."

Anapitiriza kukhula chidendene ndi mwala.

M'mawa mwake a Gidiyoni anabwera ndi mankhwala awo.

"Apa n'kufomata basi. Tipukute zonse, tiike Windozi yatsopano."

"Nanga nyimbo zili m'menemo?" ndinafunsa.

"Mayi, nyimbozo ndi zimene zanyamula kachiromboko."

"Osayamba mwazisamutsira kwina?"

"Fagness, asiye akatswiri agwire ntchito," anatero achimwene.

Ha! Nyimbo zimene ndinasonkhanitsa zaka zonsezi, makwaya a m'midzi muno amene sungawapeze kwina kulikonse, ngoma za kwa Kachindamoto zimene anthu ankachita kuchokera kutali kudzabena, zonse zinapita ndi batani limodzi. A Gidiyoni analowetsa flashi yawo. Kamzere kanayamba kuyenda pasikirini, kanafika pakati, n'kuima. M'bokosimo khe, khe, khe. Anayambiranso. Kanafika pakati pomwe paja, magetsi n'kuthima. Anabweranso tsiku linalo, kutukwana kuli m'kamwa, mpaka Windozi ija inatulukira. Munthu anadziguguda pachifuwa ngati wapha njovu. Achimwene anakapempha nyimbo kwa mnzawo wa pa Mtakataka, ntchito n'kuyambiranso ndi tinyimbo tochepa timene aliyense ali nato kale.

Sinathe sabata. Ndikuikira mayi wina za kwaya, ndinangomva khe, khe, khe. Mafayilo osatseguka, mausi gwa. Anaitanidwanso a Gidiyoni.

"Aka ndi kolimba," anatero akukanda m'mutu. "Kamabisala. Ukati wakachotsa kamadzukanso."

"Timadziwa," anayankha alamu ali pakhonde, pamaso pa a kabaza onse. "Kameneko sikachoka mpaka kumanda."

Basi, moto unayaka. Pa Golomoti nkhani siikwera minibasi, imayenda yokha. Wa kabaza wina anabwera ndi memori yake ataigwira ndi nsonga za zala.

"Asisi, mundiikire nyimbo, koma muvale magolovesi."

Anzake panjapo kugwa nako kuseka. Wina n'kukuwa kuti memoriyo ikatha apo ipite ikayezetse. Shopu anaipatsa dzina, akuti pa Kachirombo. Kumjigo ndikafika, azimayi nkhani zinkathera m'kamwa, ena n'kumasuntha ndowa zawo. Anthu ake ndi omwewa timakumana nawo pamzere kuchipatala, atafunda chitenje kumutu kuti tisazindikirane. Koma pagulu ndiwo ankaseka kwambiri.

Achimwene anandiitanira kuseri.

"Fagness, yamba wapuma pang'ono. Laisoni agwirizire."

"Mukundichotsa?"

"Sindikukuchotsa. Makasitomala akuthawa. Anthu akulankhula."

"Anthu ake ati? Anthu ake ndi a m'nyumba mwanu momwemu! Inu achimwene, ndinu amalume ake a Tamanda. Mwini mbumba ndinu. Mwana akamva zimenezi kusukulu mudzamuyang'ana ndi maso ati?"

"Iwe, ana samvetsera za akulu. Tiyeni tithane ndi kompyuta kaye."

Kompyuta, kompyuta! Ndinamva ngati ndiinyamule ndikaiponye pamsewu galimoto la makala liiponde. Mtima unandiwawa koopsa, moti tsiku limenelo sindinadye.

Ndinaona kuti kudikira mayeso sikuthandizanso. Ndinakwera minibasi wa ku Mua kuti ine ndi anamwino aja tikasinthe pangano, timuuze mwanayo msanga. Ndinapeza atapita ku maphunziro ku Lilongwe. Amene ndinawapeza anandilandira bwino ndithu, koma anati nkhani yotere imafuna amene mwanayo anamuzolowera, ndidikire abwere. Ndinabwerera manja lendelende. Ndili m'minibasi ndinalimba mtima kuti ndimuuza ndekha, zivute zitani. Ndinamupeza pansi pa mtengo wa mango, makope ali pamiyendo.

"Amayi, bwerani mundifunse za sayansi. Aphunzitsi akuti ndikapitiriza chonchi ndisankhidwira ku sekondale yogonera konko."

Ndinakhala pansi, koma zomuuza zija ndinazisiya. Ndinangotenga kope lija n'kuyamba kumufunsa za ziwalo za duwa. Kuyambira pamenepo, akamachokera kusukulu ndinkamuyang'ana pankhope asanafike n'komwe pakhomo, kuti ndione ngati wamva.

Laisoni sanakhalitse pampando. Tsiku lina anayatsa kompyuta, sikirini inangoti bii, kamzere kamodzi ka malemba pamwamba, osapitanso patsogolo. Ndinati lero ndione chimene anene alamu, poti zala zake tsopano ndi za mchimwene wawo.

"Anasiyamo mbewu," anatero, osaphethira n'komwe.

Apo ndi pamene achimwene anamvera za a Robert, bambo wa ku Salima amene amakonza makompyuta m'masukulu. Anatsika minibasi m'mawa ndi kachikwama kumsana. Ine ndinaima pakhomo la shopu, ndinati ngakhale andichotsa, maso sanandichotse.

A Robert sanadine batani lililonse. Anamasula tizitsulo n'kutsegula bokosi lija cham'mbali, chinthu chimene a Gidiyoni sanachitepo ngakhale kamodzi. Abale inu, fumbi lake! Kafani ka m'katimo kanali katatsamwa, akangaude atamangamo nyumba. Anabwereka pampu ya njinga kwa a kabaza n'kupopera m'katimo, fumbi koboo shopu yonse. Anasintha kawaya kena kofiira, n'kuyatsa. Khe, khe, khe. Anagunditsa sikuludiraiva pa kachitsulo kena, chogwirira chake n'kuika pakhutu, n'kumvetsera. Kenako analowa pasikirini ina imene imabwera Windozi isanayake, n'kuwaonetsa achimwene.

"Onani apa. Dzina ili ndi la chosungira. Laoneka. Ndiyatsenso. Mwaona, lasowa. Chikubwera n'kumachoka."

Anasolola kachitsulo kaja, kakukula ngati sopo wochapira, n'kukalumikiza ku laputopu yawo. Pasikirini panatuluka zofiira zokhazokha.

"Anakuuzani kuti ndi vayirasi ndani?"

"A Gidiyoni," anatero achimwene.

"Vayirasi salira. Ichi ndi hadi disiki, ndiyo nkhokwe yosungira zonse m'kompyuta. M'katimu muli kambale kozungulira ndi kasingano kowerenga. Kulira kumene mumamva ndi kasinganoko kakugunda. Yatopa basi. Kutentha kwa malata anuwa, fumbi la pamsewu, magetsi othimathimawa. Ngakhale mukanafomata kangati, nkhokwe yobooka siisunga chimanga. Mukanandiitana musanafomate, nyimbo zanu zambiri ndikanazipulumutsa."

Ndinalowa m'shopumo osapempha.

"Bambo, mubwerezenso. Mulibe kachirombo?"

"Mulibe, mayi. Munalibe n'kale lomwe."

"Tulukani panja mukanene zimenezo pamaso pa anthu."

Bamboyo anadabwa, anayang'ana achimwene. Ine ndinawagwira dzanja la malaya n'kuwakokera pakhonde.

"Inu a kabaza! Inu amayi a zitumbuwa! Bwerani mumve! Nenani, bambo."

A Robert anatsokomola, n'kukweza kachitsulo kaja m'mwamba.

"Kompyutayi inalibe vayirasi. Chinafa ndi ichi, chifukwa cha kutentha ndi fumbi."

Kenako wa magolovesi uja anaimirira pa njinga yake.

"Mwamva anyamata? Kompyuta yayezetsa, ilibe! Nanga mwini wake?"

Chiphokoso cha kuseka chinafika mpaka pamsika. Ndinaima pakhondepo ngati chitsiru, dzanja likadali pa malaya a mlendo. A Robert anachita manyazi m'malo mwanga, n'kubwerera m'kati mwakachetechete.

Anaika hadi disiki ina imene anabwera nayo, anamanga, analowetsa flashi. Kamzere kaja kanayenda myaa osaima paliponse, m'bokosimo muli zii. Kompyuta inadzizimitsa n'kudziyatsa, inafunsa chilankhulo, inafunsa nthawi, inafunsa dzina la mwini wake. Achimwene anati alembe Ezekiele, zilembo zikuluzikulu. A Robert anathiramo nyimbo za m'laputopu mwawo, anawalangiza kuti bokosilo lichoke pansi likhale patebulo, azilipopa fumbi, ndipo nyimbo azisunga pawiri. Masana asanakwane masipika anali panja, nyimbo zikugunda, achimwene akuvina pakhonde chipewa chili m'manja.

Alamu anabwera ndi mbale za mpunga wa mlendo. Podutsa anandigunda ndi chigongono.

"Mwaona alamu, zatha. Laisoni akuti pampando pamamuwawitsa msana, mawa mubwererepo. Musasunge mangawa, anali macheza. Madzi akatayika saoleka."

Ndikanawayankha ndikanalankhula zoti anthu n'kudzandimanga. Ndinangozungulira kuseri.

Tamanda anali atakhala pakhomo la nyumba yathu, yunifolomu ili m'thupi, nthawi yowerukira isanakwane. Kabotolo kake kanali pamiyendo.

"Wabwerako msanga bwanji, mwana wanga?"

"Andichotsa padesiki."

"Ndani?"

"Anzanga. Akuti ndisagwire ngakhale rula yawo, ingafe ngati kompyuta ya amalume."

"Za kompyutazo ndi bodza. Wokonza wanena pompano kuti munalibe..."

"Sindikufunsa za kompyuta, amayi."

Sanalire. Bola akanalira. Anangondiyang'ana, maso ali gwa.

"Dzana sindinamwe piritsi. Ndinapita nalo kusukulu, ndinamuonetsa mnzanga Thoko. Amayi ake amamwa omwewa. Si a chifuwa."

Ndinagwada pansi pafumbi pomwepo.

"Tamanda, ndimvere. Ndimafuna ulembe kaye mayeso. Tinapangana ndi anamwino kuti tikhala nawe pansi, tikuuze bwinobwino. Matendawa anthu akukhala nawo, akuphunzira, akukwatiwa. Ndione ine. Bola kumwa mankhwala basi."

"Amalume akudziwa?"

"Eee."

"Anti a Hellen?"

"Akudziwa."

"A kabaza aja?"

Ndinazolika mutu.

"Ndiye Golomoti yense amadziwa za magazi anga, kupatula ine mwini wake."

"Mwana wanga, lero wamwa?"

"Ayi. Dzulonso ayi."

"Chonde, ndikutungire madzi. Undikwiyire mmene ungafunire, koma imwa. Ukatero undifunse chilichonse, ndikuuza zonse, sindibisa kanthu."

Anaimirira, anasasa fumbi pa yunifolomu. Anatenga dzanja langa, anaikamo kabotolo kaja, n'kupinda zala zanga pamwamba pake.

"Sungani mankhwala anu a chifuwa. Ndikafuna kumva zambiri ndikafunsa anti. Pakhomo pano onena zoona ndi iwowo."